Shifiti ya Usiku ku Atacama

Kuno mvula timangoimva m'nkhani,
koma mabingu amagona pansi pa mpando wanga.
Ndine Herminia Challapa, wa m'kanyumba kagalasi
kolendewera pamwamba pa kamwa lachitsulo.

Lole ya Belisario ikubwera chafutambuyo,
yaitali kuposa nyumba yathu ya ku Calama.
Yakweza msana, ndipo phiri limene dzulo linali ndi mthunzi
lakhuthukira m'dzenje: gu! gudugu!
Kapu yanga ya tiyi ikuyenda yokha patebulo.

Alendo amayesa makinawa amamenya mwala.
Ayi, alibe ndewu.
Nsagwada imodzi ili duu, chiikidwire sinasunthepo,
inzake imasendera pang'ono, kutalika kwa chala,
n'kubwerera, n'kusenderanso,
ngati mwini ngongole wosatopa ndi khomo lako.
Gudumu lolemera limasunga mphamvu pobwerera
n'kuibweza yonse pokankha.
Thanthwe likana kamodzi, likana kawiri,
kenaka likumbuka mng'alu umene linabadwa nawo.
Phwa!
Kukamwa n'kotakata, kukhosi n'kopapatiza:
chosweka chitsika, chifinyidwanso, chitsikanso,
mpaka chitachepa mokwana kudutsa.

Pansi pali lamba, wakuda, wautali, wosafunsa.
Maginito amuyang'anira ngati wapolisi wa pamalire,
kulanda dzino la fosholo, bawuti,
sipanala imene wina adzalumbira kuti sanataye,
pakuti makinawa mwala amatafuna
koma chitsulo chinzawo chimawatsamwa.

Kutsogoloko kuli munsi wonenepa m'mtondo wozondoka.
Susinja. Umangopendama uku, kupendama uko,
chidakwa chozungulira chosagwa,
ndipo mwala wopanikizidwa kukhoma ulibe kothawira.
Sefa ikunjenjemera ngati wamalungo:
kakang'ono kagwa, kapita,
chachikulu chibwezedwa kukayambanso.
Pamenepo palibe wachibale.

Itangokwana 3 koloko, zii.
Chimwala chakhala chopingasa pakamwa
ngati fupa pakhosi pa galu.
Bata la kuno limapweteka makutu.
Ndikumva mphepo. Ndikumva Belisario akutukwana pa wailesi.
Ndagwira kandodo, mkono wautali wachitsulo watambasuka,
nyundo yake ikufufuza pofooka: kho, kho, kho-kho-kho.
Zala ziwiri zokha, ndipo sindinadzuke pampando.

Bambo anga ankatsikiramo okha,
chingwe m'chiuno, nyundo paphewa, kansalu konyowa pamphuno.
Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi.
Ankati mano a makinawa amalimba akamamenyedwa,
ndipo munthu ndi chimodzimodzi.
Za manowo n'zoona, ndawagwira ndi dzanja langa.
Komabe amatha. Timawazula ndi kireni,
osalala ngati sopo wotsala, n'kuikamo ena.
Za munthuzo sindinawayankhe.

Chimwala chang'ambika, mabingu abwerera.
Ndatsegula mipopi yonse, madzi akuwaza pafumbi,
madzi ochokera kutali, odula ngati mankhwala.
Abwana amawerenga madontho.
Awerenge.

M'mwala wolemera tani yathunthu
mkuwa wake sungadzaze chisoti changa.
Zotsalazo zimakamanga phiri lina kuseri kwa mpanda,
lathyathyathya pamwamba, lopanda dzina,
lopanda mbalame.

Kukacha basi imanditula pakona ya msewu wathu.
Ndisanatsegule chitseko ndimamva kamakina kena,
kakang'ono, kopumira bambo: fuu, tsk, fuu, tsk.
Chingwe chake chamagetsi chinasupuka pafupi ndi khoma
ndipo mkati mukuoneka tiwaya tofiira.
Mwina ndi phiri lathu lomweli, litazungulira dziko n'kubwerako.
Mwina ayi.

Iwo samva bwino, amawerenga milomo.
Agwira mkono wa ovolosi yanga, aununkhiza,
apukusa mutu.
"Girisi wachepa ku gudumu lakumanzere," akutero,
n'kudikira mpweya,
n'kudikirabe,
"uwauze."